Mchombo wa Tino ndi Mango a kwa Kapitawo

Kunamveka kugunda pansi pa nthaka, gu! ngati wina wagwetsa thumba la chimanga m'chipinda chimene kulibe. Mbale za pa shelefu zinalira, ndipo kadothi kanayoyoka pakhoma pafupi ndi pamene Beverly anagona ndi khanda lake. A Rozina, amayi ake a Beverly, anali maso kale. Anaika chikhatho pa simenti n'kumva ikunjenjemera, kenako zii. Sanadzutse munthu. Anangonyamula khanda lija kulichotsa kukhoma, n'kukhala nalo tsonga mpaka kunja kunayera.

Malo amene a Rozina amakhala, anthu a ku Bindura amawatchula kuti kwa Kapitawo. Ndi potsetsereka, kuseri kwa komboni yakale, moyang'anana ndi maenje a golide a ku Kitsiyatota. Pali nyumba ya zipinda ziwiri, kamunda ka chimanga ndi maungu, ndi mitengo itatu ya mango yoima mondondozana: waukulu, wapakati ndi wamng'ono.

Kapitawoyo anali a Jimu, agogo awo a a Rozina. Anachoka ku Dedza wapansi m'masiku a atsamunda, nadzalowa mumgodi wa golide ali mnyamata. Fumbi la pansi litawatha chifuwa, mzungu wa pamgodi anawalozera malowa ndi ndodo kuti akapumire pomwepo. Dzina linakhala la a Jimu, koma lamulo la pamalopo anaika ndi akazi awo, a Nankhoma, amene anawatsatira kuchokera kumudzi. Iwo ananena poyera kuti kwawo nthaka imayenda ndi mwana wamkazi, ndipo kuwoloka Zambezi sikusintha zimenezo. Atabereka Enelesi, mchombo wa mwanayo utauma n'kugwa, anaukwirira m'malire a munda pamodzi ndi njere ya mango. Mtengo waukulu uja ndi umenewo. A Enelesi anachita chimodzimodzi atabereka Rozina, a Rozina nawonso atabereka Beverly. Michombo ya ana aamuna ankaikwirira kudzala, popanda njere, poti mwamuna akakula amakakhala kwa mkazi wake.

A Rozina anakula akusewera ndi ana a Chishona amene ankawaseka kuti ndi mabhurandaya, anthu opanda kwawo. Tsiku lina anabwera kusukulu akulira. A Enelesi sanawatonthoze. Anawagwira padzanja n'kukawagunditsa pa mtengo wapakati.

"Akakufunsanso kwanu, uziwauza kuti ndi pano. Chidutswa chako chili pansi apa."

Sukulu ya a Rozina inathera ku pulayimale. Anagwira maganyu osankha fodya m'mapulazi, mpaka anakumana ndi a Benard, amene makolo awo anachokera ku Mozambiki. A Benard anavomera kudzakhala chikamwini, anzawo a kumgodi wa nikelo akuwanena kuti anakwatiwa. Anali munthu wofatsa, ndipo simenti ya m'nyumbamo anaika ndi iwo. A Benard atamwalira, a Rozina analera Beverly ndi mango omwewo, kusenza dengu kupita nalo kumsika nyengo iliyonse ya dzinja. Ku Malawi sanapondeko. Dedza amangoidziwa m'dzina, ndi kuti kumazizira.

Beverly anakwatiwa ndi Farai, mnyamata wa ku Madziwa. Kwawo kwa Farai mwana woyamba amakamuonera kwa amayi a mkazi, ndiye Beverly atatuluka kuchipatala anabwera kwa Kapitawo ndi mwana wamkazi, Tinotenda, amene onse ankangomuti Tino. Amayi a Farai anaimba foni mwaulemu kuti mchombo ukagwa upite ku Madziwa, chifukwa mwana ndi wa kwa bambo. A Rozina anayankhanso mwaulemu kuti amva. Mchombo utagwa anaumanga m'kansalu n'kuubisa pachifuwa. Malo a mtengo wachinayi anali atawaona kalekale.

Koma chaka chimenecho kunsi kwa munda kunali dzenje la makorokoza, anyamata okumba golide ndi manja. Anawalola ndi a Yotamu, mlongo wawo wamkulu wa a Rozina, amene amakhala ku Aerodrome, mbali ina ya tauniyi. Iwo ndiwo mwini mbumba, woyang'anira alongo ake ndi ana awo.

M'mawa mwake mwa kugunda kuja a Rozina anatsikira kudzenjeko. Anapeza a Yotamu atatsamira njinga yawo, anyamata akukoka chidebe cha miyala ndi chingwe, matupi ali mbuu.

"Achimwene, usiku tagona pamwamba pa bomba."

"Aa, amake Beverly, mwayambanso. Anyamatawa akulowera cha kumtsinje, osati kunyumba. Ndinawauza ine."

"Anyamata munawauza. Nanga golide naye munamuuza kolowera?"

Mmodzi wa anyamatawo anaseka. "Gogo, musatye, palibe choopsa apa. Tikaupeza mwala wabwino tidzakumangirani nyumba yosanja."

"Yosanjira pansi? Koka chingwe chako, mwana wa eni."

A Yotamu anawakokera pambali. "Rozina, m'tauni muno aliyense amadziwa kuti malo a makolo amalamula ndi mwana wamwamuna. Ndipo ngakhale mwa Chichewa chanucho, mwini mbumba ndine."

"Mwini mbumba amasunga alongo ake, achimwene. Sapereka pansi pamene akugona."

A Yotamu anapukuta belu la njinga ndi chala. Atayankhula, mawu awo anali otsika.

"Nanga ine mtengo wanga uli kuti? Ndinabadwira m'nyumba yomweyi. Mchombo wanga anakautaya kudzala, nkhuku zinapalasa. Ndinapita kwa mkazi wanga monga amayi ankanenera, akwawo n'kumandifunsa kuti ndine mwamuna wa mtundu wanji wopanda pomanga. Uko si kwanga, kuno si kwanga. Pamwamba ponse mpanu. Ine ndangotenga zapansi, zimene simulimapo."

A Rozina anayang'ana kumtunda kumene kunali mitengo ija. Anakumbukira a Yotamu ali mnyamata akuthirira mtengo wapakati uja ndi chitini, chaka chimene mvula inakana. Anatembenuka n'kukwera mtunda.

Masana omwewo anatenga khasu. Sanafunenso kudikira. Anaitana Beverly kuti abwere ndi mwana, poti mwambo umafuna kuti mwini mchombo akhalepo. Beverly anaima pamthunzi, Tino ali pachifuwa, maso ake ali pa mng'alu umene unayamba kuoneka pakhoma la nyumba.

"Mhamha, bwanji tingowapatsa a ku Madziwa? Ine sindikugona. Ndikangotseka maso ndikuona pansi patatseguka."

"Ukawapatsa, mwanayu adzaloza chiyani akadzamufunsa kwawo? Imirira apo."

Anayamba kukumba kupitirira pang'ono mtengo wamng'ono, wa Beverly. Dothi linali lofewa ndi mvula. Anatema kangapo, akutchula maina monga a Enelesi ankachitira: Nankhoma anabereka Enelesi, Enelesi anabereka Rozina, Rozina anabereka Beverly. Asanafike pa dzina la Tino, khasu linalowa lonse mpaka mpini, mopanda chogunda. Atalizula, dothi la m'mbali linayamba kutsikira lokha, waa, ngati chimanga chikulowa m'chigayo. Panatsala kabowo kakuda kokwana chibakera, ndipo mpweya wozizira wonunkha utsi unawawomba kumapazi.

Anagwada. Pansipo, patali koma momveka bwino, munthu ankatsokomola. Chinali chifuwa chouma, chokoka, chonga chimene anakula akuchimva m'nyumba za m'komboni.

Anakweza maso pa mtengo wa Beverly. Masamba a nthambi za mbali imodzi anali atafota, pakati pa dzinja. Anali atawaona masiku apitawo n'kudziuza kuti ndi mbozi.

"Mhamha!" Beverly anabwerera m'mbuyo, atapanikiza mutu wa mwana ndi dzanja. "Chokanipo, ndapota nanu!"

A Rozina anadzuka pang'onopang'ono. Kansalu kaja kanali kale m'manja mwawo, ndipo akanangotambasula zala kakanagwera m'bowomo, n'kukathera m'chidebe cha miyala. Anakabwezera pachifuwa.

Anakakhala pa muzu wa mtengo waukulu kwa nthawi yaitali, Beverly ali chiimire patali. Anayang'ana mitengo ija umodziumodzi, ndipo kwa nthawi yoyamba anaona chimene anakhala akuchiona moyo wawo wonse osachiganizira: a Nankhoma, mwini lamulo, analibe mtengo pamenepo. Mchombo wawo unatsala ku Dedza. Anafika pa nthaka ya eni, pakati pa anthu a chilankhulo china, n'kukumba dzenje la mtengo woyamba.

"Beverly, kamange katundu wa mwana. Lero mukagona kwa amalume ako ku Aerodrome."

"Kwa a sekuru? Omwe akumbitsawa?"

"Omwewo. Ndi mwini mbumba, akusungeni. Ndipo ukawauze zimene waona ndi maso ako, kuti anyamata awo afika pansi pa mtengo wako. Pansi pamenepo palinso ana a eni, dothi ndi lonyowa."

"Nanga inu?"

A Rozina anatola bango lakupsa limene linagwa mumtengo waukulu, n'kulisenda ndi mano mpaka njere inatsala yoyera. Kenako anatapa dothi patsinde pa mtengo uliwonse, dzanja limodzilimodzi, n'kulithira m'chitini cha shuga chopanda kanthu.

"Muimbire Farai. Awauze amayi ake kuti mawa ndikubwera ku Madziwa ndi mchombo, koma sindikutumiza munthu, ndikubwera ndekha. Ndikawapempha kangodya ka munda, pamene sipadutsa ng'ombe. Ndikakumba ndi khasu langa, ndikathira dothi ili, ndikatchula maina onse iwo akumva. Akandilola njere, mchombo ndiwasiyira."

"Akakana njere?"

"Ndikakhala pakhonde pawo mpaka avomere. Ndikatha ndibwerera kuno. Chimanga sichinakhwime, ndipo mitengo iyi sindiisiya igwe popanda wowona."

Anatseka chitini chija, naika njere pamwamba pake kuti iume, n'kulowa m'nyumba kukafuna nsalu yawo ya kutchalitchi.