Bulauzi yokabwezetsa kwa telala

Mkazi wanga anali wonenepa, ndipo ine ndinkanyadira thupi lakelo. Ndinali mkamwini wopanda nyumba ya malata, koma tikamapita kutchalitchi anthu a ku Kaduya ankati mayiwa akusungidwa bwino. Zinali zaka zija titangoyamba kuvotera zipani zambiri, pamene maliro ankagwa motsatizana ndipo omwalirawo ankayamba aonda. Munthu akanenepa, mitima ya abale inkakhala pansi.

Kenako mkazi wangayo anayamba kudandaula za mutu wa kunkhongo ndi chizungulire. Tsiku lina anagwa m'munda wa nandolo, ndipo ndinapita naye kuchipatala ku Boma. Dokotala wake, mnyamata wakwina wosadziwa ngakhale moni wa Chilomwe, anam'manga kansalu pamkono n'kupopa. Anati magazi akuthamanga kwambiri, ija amati bipi, ndipo thupi likakulitsa mtima umavutika kukankha magazi. Anapereka mapiritsi n'kumuuza kuti achepetse mchere, mafuta ndi shuga, aondeko, apo ayi angadzafe ziwalo.

Ine sindinakhulupirire. Sukulu ndinaiyamba ndili ndi imvi, ya kwacha, koma ndinkadziwa kuti chipatala chimanenepetsa odwala, sichiwaondetsa. Ndinaganiza kuti mnyamatayo waona china chake, ndipo akutikonzekeretsa mochenjera kuti kuondako kukadzafika tisadzadabwe.

Mkazi wanga anamvera zonse. Mchere ankathira wotsina ndi zala, mandasi anasiya, tiyi ankamwa wosatsekemera. Mutu unaleka. Koma bulauzi yake yoyera ya amayi a kumpingo inayamba kukhwepa m'mapewa.

Alamu anga, mchimwene wake wa mkazi wangayo, anabwera kudzationa. Anakhala pakhonde, kuyang'ana mlongo wawo, kenako kuyang'ana ine. Anafunsa ngati ndimapitabe ku Chilwa kokagula matemba, ndiponso ngati mayi uja wogulitsa tiyi padooko adakali moyo. Nkhani za ku Chilwa sindizikonda, ndipo iwo ankadziwa chifukwa chake. Mayi ameneyo anali atamwalira kale, ataonda.

Kuyambira pamenepo mkazi wanga akatsokomola ndinkatchera khutu. Akamasinja ndinkayang'ana mikono yake. Ndinayamba kubweretsa majarini ndi mafuta ophikira, ndimvekere n'zotsika mtengo sabata ino. Iye ankalandira ndi manja awiri n'kukapatsa mng'ono wake.

Tsiku lina anati akufuna kukabwezetsa bulauzi ija. Telala wa pamsika ndiye ankayamba kudziwa amene akudwala, chifukwa zovala zonse zokhwepa zinkathera pa makina ake, ndipo pakamwa pake sipankatseka. Ndinamuletsa mkazi wangayo. Ndinati angoimanga ndi chitenje, thupi libwerera.

Anaipinda bulauziyo pamwendo osandiyang'ana.

"Abambo, mukufuna ndife wonenepa kuti pamaliro anthu adzati munkandisunga bwino?"

Ndinati sizimenezo.

"Ngati muli ndi mantha anu, tiyeni tikayezetse magazi tonse. Bulauziyi ilibe mlandu."

Ndinkaona kuti pokatunga madzi sakupumiranso panjira monga kale, ndipo zimenezi n'zomwe sindinkatha kuzitsutsa. Tsiku la msika ndinaitenga bulauzi ndekha, ndi kachingwe kamene anayezera chifuwa chake. Telala anaitambasula, n'kufunsa kuti mayi akupeza bwanji. Ndinati ndi bipi, adokotala anawauza kuti achepetse thupi.

"Eya, achimwene," anatero ali ndi singano pakamwa. "Bipi yachuluka masiku ano."

Anthu analankhula mpaka anatopa. Mkazi wanga ankapita kukamangitsa kansalu kaja, ndipo pobwera ankati magazi atsika. Alamu aja anadzafika ponena kuti mlongo wawo wapepuka bwino. Zokayezetsa zija ndinazengereza mpaka mkazi wanga anasiya kuzitchula.

Bulauziyo amaivalabe, ndipo sinakabwezedwenso. Komabe akaivala ndimayang'ana m'mapewa.