Buledi Wogona Pawindo

Apongozi anga aakazi atabwera kudzacheza kuchokera ku Bembeke, ndinawanamiza, ndipo ndikakumbukira ndimachitabe manyazi.

Madzulo ndinaduladula buledi wouma wadzana, ndinamuviika m'mazira osakaniza ndi mkaka, anyezi, tomato ndi mchere, n'kuvundikira poto. Kuzizira kwa mu Juni kuno ku Dedza sikufuna firiji, ndiye ndinangoika pawindo. M'mawa ndinadzuka dzuwa litatuluka kale. Poto pambaula, makala ena pachivundikiro, basi.

"Mwadzuka nthawi yanji kuti zikome chonchi?" anafunsa apongozi akudya.

"Tambala woyamba, amayi," ndinayankha, n'kuyasamula dala.

Mwamuna wanga anatsamwa ndi tiyi, koma sanandiulule.

"Ndiye mawa ndidzakudzutsani ndine, mundiphunzitse," anatero apongozi.

Sabata yonse ankandigogodera kusanache, ine n'kumaswa mazira zala zitauma ndi chisanu. Buledi wongoviika pompo sankamwa bwino mazira, ankapsa wouma pakati. Ndinalimbikirabe bodza langa.

Tsiku lochoka, atanyamula kale chikwama, anandigwira dzanja.

"Wokoma anali woyamba uja, mwana wanga, wogona pawindo uja."