Massamba Thioune ndi Galimoto ya Anthu Atatu

Ku Thiès mukafunsa za Massamba Thioune, anthu amayamba amwetulira kaye asanakulozereni galaja ya a Ngagne, kuseri kwa njanji. Madalaivala akale amamutchabe Mfalansa. Dzinali anamupatsa momunyadira, koma linadzasanduka chitonzo, ndipo mwiniwake akalimva amangoyang'ana pansi.

Bambo ake, a Ngagne, anali makaniko wa matakisi okalamba aja oyenda pakati pa Thiès ndi Dakar. Massamba anakulira kunsi kwa magalimoto amenewo, ndipo njinga anaiphunzira atadziwa kale kubweza galimoto m'mbuyo. Malume ake atamutengera ku Dakar kukayesa timagalimoto ta ana ta mpikisano, palibe amene anatha kumugwira. Chaka ndi chaka ankabwera ndi zikho, mpaka mayi ake anachotsa mbale m'kabati kuti zikhozo zipeze malo.

Ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, kampani ina ya zakumwa inamutumiza ku France kukayendetsa magalimoto a mpando umodzi, opanda denga, aja woyendetsa amachita kugonamo chagada matayala ali pamtetete. Tsiku lonyamuka kunaphedwa nkhosa, ng'oma zinalira, ndipo wolemba zikwangwani anajambula nkhope yake pakhoma la galaja, n'kulemba pansi pake kuti Ngwazi ya ku Thiès.

Ku France anakapeza kuti mnyamata aliyense pamzere wonyamukira anali ngwazi ya kwawo. Liwiro analidi nalo. Kuzungulira bwalo kamodzi, payekha, ankaopsa ndithu. Koma akakhala pakati pa anzake mtima unkamuthamanga, n'kumadya matayala kumayambiriro, pofika kumapeto galimoto ikungotsetsereka ngati pa sopo. Ankamaliza wachisanu ndi chinayi, tsiku lina wakhumi ndi chiwiri. Lamlungu madzulo foni inkalira.

"Wakhala wachingati lero?" ankafunsa a Ngagne.

"Galimoto inavuta, abambo."

"Inavuta pati?"

Pamenepo ndiye panali ntchito. Kunamiza munthu wamba za injini n'kosavuta, koma kunamiza bambo amene amadziwa matenda a galimoto pongoimva ikukhota pamsewu! Massamba ankapeka za giya, za mabuleki, za waya wina wosaoneka, a Ngagne n'kungoti, "Ooh. Chabwino," kenako n'kupereka foni kwa mayi ake.

M'chaka chachitatu, tsiku lina kukugwa mvula, anadzipanikiza pakona pomwe panalibe malo n'kugunda mnzake wa timu yomweyo, Loïc. Galimoto ya Loïc inagubuduzika mpaka pampanda wa matayala, mwiniwake n'kuthyoka mkono. Mkulu wa timu sanakweze n'komwe mawu.

"Ndiwe wothamanga, Massamba, koma umayendetsa ngati pamsewu uli wekha. Pereka ovolosi yathu kwa wa pachipata."

Anabwerera ku Thiès popanda ng'oma. Nkhope yake inali ikadali pakhoma paja, itangosuluka ndi dzuwa, ndipo m'mawa uliwonse ankaidutsa atatembenuzira mutu kunjanji. Anasankha kugwira ntchito kumapeto kwa galaja, komwe amatsukira zitsulo m'palafini. Koma madalaivala a matakisi ankamupezabe.

"Mfalansa, tandionereko mabuleki anga. Koma chonde, mnzanga uyo waimika pafupiyo ali ndi ana, usandigundire!"

Ankaseka nawo mokakamizika.

Pakona ina ya galajayo panali galimoto yakale yofiira, yophimbidwa ndi lona. Eni ake anali awiri. Mmodzi anali a Ghassan, Mlebanoni wobadwira ku Kaolack, wogulitsa nsalu, wamimba yaikulu ndi mawu ogwedeza malata. Wina anali Mayi Soukeyna Mbengue, dokotala wa mano, mayi wamfupi wa zaka zopitirira makumi anayi, amene ali mtsikana ankakwera pakhoma kuonerera mipikisano ya magalimoto m'misewu ya Dakar. Kwa zaka ziwiri awiriwa ankabwera Loweruka lililonse kudzamanga galimotoyo ndi a Ngagne. Cholinga chawo chinali mpikisano wa maola asanu ndi limodzi wa ku Sindia, womwe anthu atatu amasinthana pagalimoto imodzi, ndipo amapambana ndi amene azungulira kambiri nthawi ikamatha. Ankasowa wachitatu.

"Mwana wanga, tiyendetsere nawo," anatero Mayi Soukeyna tsiku lina, atamupeza manja ali m'palafini. "Ife tikungofuna kumaliza. Ine ndikangoyendetsa maola anga awiri, basi, ndafa ndili wokhutira."

"Ndamva, amayi," anayankha Massamba mwaulemu.

Koma mumtima ankaseka. Iye, amene anapikisanapo ndi ana a Azungu pa mabwalo a ku France, asinthane mpando ndi wogulitsa nsalu ndi wozula mano! Atapita kukayeserera, anaona Mayi Soukeyna akuika mtsamiro pampando kuti miyendo ifike, ndipo anabisa nkhope m'helemeti kuti asaoneke akuseka. Mayiwo atamufunsa momwe angalowere kona yomaliza, anangoti, "Mungochepetsa liwiro, amayi," n'kuchokapo.

Tsiku la mpikisano Mayi Soukeyna sanabwere okha. Anadzaza minibasi: ana awo, anamwino a kuchipatala chawo, ndi mayi awo owabereka, gogo wa ndodo amene anakana za magalimotozi kwa zaka zonse koma tsikulo anavala bubu, mkanjo wake wa kuukwati. Anabwera ndi beseni lalikulu la mpunga wa nsomba ndi nsalu yolembedwa dzina la mayiwo.

Pangano linali lomveka. Massamba ayambe. A Ngagne akakweza chikwangwani cholembedwa kuti LOWA, alowe pamalo othirira mafuta n'kupereka galimoto kwa Mayi Soukeyna. A Ghassan amalize.

Ananyamuka ali kumbuyo kwenikweni. Galimoto yofiira ija inali yokalamba, koma a Ngagne anaimanga ndi mtima wonse, ndipo m'manja mwa Massamba inasanduka ina. Anadutsa imodzi, anadutsa ziwiri pakona imodzi, anthu n'kuyamba kuimirira. Akamadutsa pamaso pa khamu ankaona manja ali m'mwamba, zipewa zikuuluka. Kwa nthawi yoyamba chibwerere kuchokera ku France anamva kuti chifuwa chamasuka. Posakhalitsa patsogolo pake panangotsala galimoto imodzi, yoyera, yatsopano, ya anyamata ochokera ku Abidjan.

Ndi pamene anaona chikwangwani cha bambo ake.

Anachiona bwinobwino. Zilembo zinali zazikulu, a Ngagne anazilemba okha ndi penti yoyera. Koma galimoto ya ku Abidjan inali pafupi moti ankamva fungo la utsi wake. Ndizungulire kamodzi kokha, anadziuza. Atabweranso, chikwangwani chinali m'mwamba, a Ngagne akuchigwedeza. Kamodzi kena. Ulendo wotsatira bambo ake anali atakwera pakhoma lenileni, akukupiza chipewa, ndipo kumbuyo kwawo kunaima kamunthu kakafupi kovala helemeti, kakukumbatira mtsamiro.

Anaidutsa galimoto yoyera ija pakona yoyamba. Phokoso la khamu linamveka kupyola injini. Massamba Thioune anali patsogolo pa onse, kwawo, pamaso pa anthu ake.

Sanamalize n'komwe kuzungulira. Kuseri kwa bwalo, komwe msewu umadutsa pakati pa milambe ndipo kulibe woonerera, injini inatsokomola, inatsokomolanso, n'kuzima. Anaiyendetsera pambali pa fumbi. Magalimoto onse amene anawadutsa aja anamudutsa imodziimodzi, ndipo wina anamuimbira hutala. Anakhala m'menemo thukuta likutsika, osavula helemeti, ngakhale kunalibe munthu womuona kupatula mbuzi zomwe zinkadya kunja kwa waya.

Mafuta anali atatha, ndipo panapita nthawi anthu asanaikoke kubwerera nayo. A Ngagne anathira mafuta n'kuyesa kuliza. Zii. Pampu ya mafuta inali itapsa chifukwa chozungulira youma, ndipo ina analibe. Anthu anathamanga kukapempha kwa matimu ena, koma palibe yomwe inakwana.

A Ghassan anaphulika. "Zaka ziwiri, iwe! Zaka ziwiri mkazi wanga akundinena kuti ndinakwatira galimoto! Ndasiya buledi, ndasiya shuga kuti mimba iyi ikwane mu ovolosi, ndiye iwe ukandiyendetsere wekha ngati wabwereka njinga? Sunaone chikwangwani? Ku France sanakuphunzitse kuwerenga?"

Kukalipa kumeneko Massamba anakulandira ngati madzi akumwa. Chomwe chinamulasa chinali china. Bambo ake anatuluka kunsi kwa galimoto, anapukuta manja pansanza, n'kumuyang'ana m'maso.

"Lero inavuta pati?"

Massamba anatembenuzira nkhope kumbali.

Mayi Soukeyna anali atakhala pa mulu wa matayala, helemeti ikadali kumutu, mtsamiro uli pamiyendo. Gogo uja anabwera akudontha thukuta, ndodo ikugogoda simenti, osadziwa chomwe chachitika.

"Soukeyna, nanga iwe ukwera nthawi yanji? Ine miyendo yatopa, ndipo mpunga wazizira."

"Lero sindikwera, amayi."

"Aa! Ndiye tabwereranji?" Gogoyo anayang'ana uku ndi uku mpaka maso ake anagwera pa Massamba. "Iwe ndiwe unkathamanga uja? Uli ndi njala ndithu. Bwera, samba m'manja."

Anamukhazika pabeseni pakati pa ana a Mayi Soukeyna. Gogoyo ankanyema nsomba n'kumakankhira mnofu wabwino mbali yake. Kukana sikunatheke. Anadya, magalimoto akulirabe panja, ndipo nsalu yolembedwa dzina ija wina anali ataipinda n'kuikhalira.

Kwa milungu ingapo sanaoneke ku galaja. Kenako m'mawa wina anavala malaya oyera n'kupita kuchipatala cha mano. Anamwino anamukhazika pabenchi pakati pa anthu otupa masaya mpaka onse anatha. Atalowa, Mayi Soukeyna anali akusamba m'manja, atamufulatira.

"Dzino liti?"

"Si dzino, amayi. Ndabwera kudzapepesa."

"Khala pampandopo."

Anakhala pampando wozulira mano, nyali ikumuwalira kumaso.

"Chikwangwani unachiona?"

"Ndinachiona. Katatu."

"Ndi ine unandiona?"

"Ndinakuonani, amayi."

Mayiwo anapukuta manja pang'onopang'ono. "Ukanati sunandione, ndikanakuthamangitsa. Ndinalira, ukudziwa? Kunyumba, m'bafa, mayi wamkulu ngati ine. Chipepeso chako ndachimva, koma sichindiyendetsa galimoto. Loweruka ukandiphunzitse kona yomaliza ija, ndipo ukandiphunzitse zenizeni, osati zija unandiuza zija. Chaka chamawa ndiyamba ine, kenako Ghassan. Iwe udzatenga zotsala."

Chaka chimenecho Massamba anachithera pampando wa pambali, akuphunzitsa anthu awiri amene ankawaseka aja. Anadabwa kuona kuti Mayi Soukeyna, ngakhale sankathamanga, ankazungulira mofanana ulendo uliwonse, ndipo matayala awo ankakhalitsa kuposa ake.

Pampikisano wotsatira analandiradi zotsala. Mabuleki anali atafewa, mpando unali wonyowa ndi thukuta la a Ghassan, ndipo giya yachitatu a Ghassan anali ataiphwanya. "Ndakusiyira zinayi, zikukwana!" anakuwa pomumangirira malamba. Massamba anainyengerera galimotoyo kwa maola awiri ngati wonyamula mazira. Anyamata ankamudutsa, iye n'kumawapatsa njira, mano ali gwa. Anamaliza achisanu ndi chiwiri. Mayi Soukeyna, amene anasanza m'ndowa chifukwa cha kutentha atangotsika, anavina ndi ndowa yomweyo m'manja.

Mbiri yoti pali mnyamata wobweza galimoto yathunthu inafika kutali. Patapita zaka zingapo timu ina yaing'ono ya ku Portugal inamutenga, ndipo mpaka lero amayendetsa m'mipikisano yaitali ya ku Ulaya, ina ya tsiku lathunthu, kusinthana ndi anthu olemera okonda magalimoto amene amafuna munthu wodekha pambali pawo. Sanatchuke. Dzina lake limalembedwa lachitatu pachitseko cha galimoto, m'zilembo zazing'ono.

Atakwatira Aïssatou, mphunzitsi wa ku Mbour, a Ghassan analanda chimkuzamawu paphwando n'kufotokoza nkhani yonse ya ku Sindia, akutsanzira kutsokomola kwa injini ndi kulira kwa mbuzi. Anthu anagwa n'kuseka. Massamba anangoti zyoli, maso pa nsapato zake zatsopano. Mkwatibwi anamugwira pamkono n'kunong'oneza.

"Zoona zimenezi, kapena akuwonjezera?"

"Zoona," anayankha Massamba. "Achepetsako."