Mwendo wa M'galasi

Wometa wa mumsewu mwathu timamutchula kuti Jaji. Dzinali silinabwere chifukwa cha sukulu ayi. M'shopu mwake muli kanema wopachikidwa pamwamba pa galasi lalikulu, ndipo Loweruka masana mumaonetsedwa sewero la mayi wina, loya, amene amatulutsa m'ndende anthu omangidwa osalakwa. Sewero lisanafike n'pakati pomwe, Jaji amakhala atagamula kale mlandu, makina akulira m'dzanja, mutu wa kasitomala atauiwala uli mbali imodzi. Ine wadazi ndilibe choti andimete, koma benchi yake imandidziwa kuposa mpando wa kunyumba kwanga.

Ntchito yake amaigwira atafulatira khomo. Msewu wonse amauonera m'galasi, ndipo amatha kukupatsa moni usanaponde pakhonde. "Galasi langali silinama," amakonda kutero, uku akulipukuta ndi nyuzi yonyowa.

Galasi lomwelo ndi limene linamupititsa kukhoti zaka zapitazo. Tsiku lina dzuwa likuswa mtengo, munthu wobisa nkhope analowa m'sitolo ya mafoni yoyang'anizana ndi shopu yake, n'kuvulaza mwini wake, n'kuba mafoni, n'kuthawa. Jaji anauza khoti kuti anamuona ndi maso ake akutsimphina mwendo wamanzere. Wotsimphina mwendo wamanzere mumsewu mwathu anali mmodzi yekha, wosoka nsapato wa pakona. Anakana mpaka mawu kusasa, koma mpaka lero akadali m'ndende.

Bambo ake a wosoka nsapatoyo, amene tonse timangowati Madala, sanasiye kudzametetsa ndevu kwa Jaji. Akazi awo anamwalira mwanayo ali m'kati, ndipo iwo amakhala okha. Amabwera nthawi ya sewero, amaonera osayankhula. Jaji atawafunsa tsiku lina ngati amamusungira chakukhosi, anangoti, "Munanena zimene munaona, mwanawe."

Loweruka lina m'shopu munadzaza. Madala anali pampando, thovu lili m'masaya. M'seweromo loya uja anali atapanikiza mboni, akuifunsa pamene inaima komanso kumene inayang'ana.

"Loya wotere amapezeka pa kanema pokha," anatero dalaivala wa minibasi ali pabenchi. "Weniweni ukam'peza akuyasamula."

"Ine apolisi sindiwada kwenikweni," anayankha mayi wogulitsa zovala, atasuzumira pakhomo. "Oipa ndi awa olumbira kuti anaona. Pakamwa mpachabe."

"Mboni yotere ndi yofunika kuilowetsa m'chitokosi momwe mwatuluka mnzakeyo," anagamula Jaji. "Ngati sunaonetsetse, khala kwanu." Tonse tinavomereza, ine patsogolo, poti kuweruza munthu wa pa kanema sikuvuta.

Nthawi yomweyo telala woyandikana naye, amene anaponda msomali dzana lake, anadutsa pakhonde akutsimphina, phazi atamanga bandeji. Jaji anamuona m'galasi monga mwa masiku onse.

"Pepani achimwene, phazi lamanzerelo likupeza bwanji?"

"Lamanzere liti? Ndi lamanjatu ili," anaseka telala. "Tatembenukani muone, Jaji."

Jaji anatembenuka. Bandeji inali kumanja. Anayang'ananso m'galasi, bandeji yomweyo inali kumanzere. Ena anaseka, koma ine ndinaona lezala litaima m'malere. Tsiku la kuba lija analinso atafulatira khomo, akumeta munthu. Wakubayo anamuonera m'galasi, ndiye kuti amatsimphina mwendo wamanja. Kukhoti palibe anamufunsa kumene anayang'ana, ndipo iye sanaganize zoti anene.

Ndinamumvera chisoni, komanso ndinachita manyazi, chifukwa tonse a pabenchi tinamuombera m'manja tsiku limene anachokera kukhoti. Akanatha kungokhala chete. Dalaivala ndi anzake anali atabwerera kale ku kanema, ndipo kuulula kukanatanthauza kuti dzina lake lathera pompo, pamene kukhala chete kukanangosiya wosoka nsapato akuvutikabe m'kati. Jaji anathimitsa kanema. Anthu anang'ung'udza, iye osawamva. Anaika lezala pansi n'kugwada pa tsitsi limene linali lisanasesedwe.

"Bambo, mwana wanu sindinamuone. Ndinaona munthu m'galasi. Wakuba uja amatsimphina mwendo wamanja."

Madala anayang'ana galasi lija nthawi yaitali, tsaya limodzi losalala, lina lili ndi thovu.

"Mukanenanso zimenezi kukhoti?"

"Ndikanena, bambo. Ngakhale andimange ineyo."

"Dzukani, mumalize tsaya linali. Sindingapite kwa loya ndili chonchi."

Jaji anadzuka, anatenga lezala, koma analephera kupitiriza kumeta. Madala anadzipukuta okha thovu ndi thaulo, anavala chipewa chawo, n'kuima pakhomo osacheuka.

"Ine ndimadziwa kuti si iye. N'chifukwa chake ndimabwera kudzaonera ana a eni akutuluka m'ndende pa kanemayu. Koma amayi ake anakukhulupirirani inuyo. Anamwalira asanapite kukamuona ngakhale kamodzi."