Kabokosi Kamene Amayi Anabisa M'chigafa

Ndikukumbukira chaka chimene achimwene anga a Lameki anabwerera kumudzi kwathu, kuseri kwa Nambuma, atanyamula gitala yamagetsi pa matola. Ine ndinali mu sitandade faifi, matipate atangoyamba kumene. Achimwene anachoka pakhomo ali mnyamata wathupi lake, n'kukakhala zaka ku Lilongwe akuimba m'bandi. Pobwera, lamba wa thalauza anali atamuboola mabowo atsopano. Matenda awo panalibe amene ankawatchula dzina. Anthu ankangoti "akudwala," n'kuyang'ana pansi, ndipo mankhwala otalikitsa moyo amene tikuwaona lerowa anali asanafike kwathu.

Bambo anali atamwalira kale, ndiye pakhomo tinalipo atatu. Amayi anali munthu wolimba, wa kumpingo, wolima fodya wawo okha popanda kudandaulira munthu. Tsiku loyamba lomwelo, nditaona mikono ya achimwene, misozi inangotuluka yokha. Amayi anandikokera kuseri kwa khitchini n'kundipotokola khutu.

"Pukuta msanga, Esinati. Kulira munthu akupuma ndi malodza. Ukalowa ukawauze kuti akuoneka bwino."

Limenelo linakhala lamulo la m'nyumba mwathu, ndipo silinali la amayi okha. Aliyense wobwera kudzazonda ankanena mawu amodzimodzi: "Muchira, a Lameki, limbani mtima." Achimwene ankamwetulira n'kuyankha kuti, "Ndichira ndithu, zikomo." Alendo akatuluka, kumwetulira kuja kunkatuluka nawo limodzi.

Katundu wawo sanali wambiri. Panali gitala yofiira yosupuka utoto, ndi ampu yaing'ono yokuzira mawu, yoyendera batire ya galimoto, imene ine ndinkaikankha pa njinga kukatchajitsa ku Nambuma. Panalinso kabokosi kachitsulo kachikasu, kakukula ngati mtanda wa sopo wochapira, kokhala ndi timitu topotokola ngati ta wailesi. Waya wochokera ku gitala ankalowa mbali ina ya kabokosiko, wina n'kutuluka mbali inayo kupita ku ampu. Kabatire kake sikankapezeka m'magolosale akwathu, ndiye achimwene anasanja mabatire a tochi m'kansungwi n'kulumikiza.

"Oimba timakatchula kuti pedulo, chifukwa timakaponda ndi phazi," anandiuza. "Aka n'ka disitoshoni."

"Ndiye kamagwira ntchito yanji?"

"Kamawononga mawu a gitala."

Ine pakamwa panga sipankachedwa. "Munthu n'kutulutsa ndalama kugula chinthu choti chizikuwonongerani nyimbo? Kodi kutauni nzeru mumazisiya pa depoti eti?"

Anaseka mpaka chifuwa chinawagwira. Aka kanali koyamba kuwamva akuseka zenizeni chibwerereni.

Mapazi awo anali atatupa, ndipo ankati akuyaka ngati aponda makala, choncho kuponda kabokosi sankatha. Phazi lawo ndinakhala ine. Masana, amayi akapita kuchigafa kukasankha fodya, achimwene ankatsamira khoma, gitala ili pamiyendo. Ankayamba ndi mawu oyera, ofewa, onga a nyimbo za m'buku la kutchalitchi. Kenaka ankagwedeza mutu, ine n'kuponda. Kanyali kofiira kankayaka, ndipo gitala yomweyo inkasanduka ina. Mawu ankatuluka okhuthala, osasa, ong'ambika m'mphepete, ndipo chingwe chimodzi akachikhudza chinkapitirirabe osafuna kutha. Ndinkawamva m'mimba mawu amenewo, osati m'makutu mokha.

Poyamba ndinkangofuna kuponda nthawi zonse, chifukwa phokoso linkandisangalatsa. Anandiletsa. Anati kabokosiko kamatenga mawu ochepa n'kuwakankha mpaka asefukire, ndipo ukakasiya choyaka nyimbo yonse, anthu amangomva phokoso basi. Uyenera kudikira pamene mawu oyera alephera kunena zimene ukufuna. Ndinkavomera ndi mutu ngati ndamva, koma sindinamve kanthu.

Tsiku lina mphepo inkawomba cholowera kuchigafa. Achimwene anali atapotokola kamutu kena mpaka kumapeto, ndipo anakoka chingwe chimodzi pang'onopang'ono mpaka mawu anakwera n'kusweka. Amayi atamva, anadziwa chinthu chimodzi chokha: kunyumba kwawo munthu akubuma. Anataya fodya pansi n'kuthamanga opanda nsapato, mpango utagwa m'njira. Amayi ena oyandikana nafe nawonso anatuluka atamanga kale zitenje m'chiuno. Chitseko chinatseguka mwamphamvu, ndipo amayi anapeza mwana wawo ali moyo, gitala ili m'manja, ine phazi lili pa kabokosi.

Sanakalipe mokweza ayi. Anawerama, nazula mawaya onse awiri, natenga kabokosi kaja.

"Mukufuna kundiitanira maliro pakhomo pano? Gitala imbani, koma ichi ayi."

Achimwene sanatsutse. Kwa masiku angapo ankaimbira alendo nyimbo za kutchalitchi ndi mawu oyera aja, alendo n'kumati, "Mwaona, mphamvu zikubwerera." Kenaka anandiuza kuti ndikoleke gitala pa msomali. Anayamba kugona choyang'ana kukhoma, ndipo phala ankangolilawa n'kukankha mbale. Ine ndinawakwiyira amayi kwambiri, moti ndinkawayankha ndi mapewa.

Masana ena ndikuwapaka mafuta kumapazi, achimwene analankhula osatembenuka.

"Esinati, chimene chikundipweteka kwambiri si mapaziwa. Aliyense akalowa muno, ine wodwala ndiye ndiyenera kumusangalatsa ndi bodza. Amati chakudza sichiimba ng'oma, koma changachi ndikuchimva bwinobwino chikubwera, ndipo ndikuchita mantha. Ndilibe womuuza. Kabokosi kaja n'kamene kankandinenera."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene mawu amene ndinaphunzitsidwa, koma iwo anakweza dzanja.

"Iwenso ayi, mlongo wanga."

Ndinatuluka n'kulunjika kuchigafa. Ndinawapeza amayi atakhala pa chiguduli, masamba a fodya atawazungulira, fungo lake lotsamwitsa lili ponseponse. Ndinakhuthula zonse ndili chiimire, mopanda ulemu n'komwe. Ndinati achimwene akufa okhaokha m'nyumba yodzaza anthu, ndipo kabokosi kawo awabwezere. Khutu ndinali nditalikonzekeretsa kale.

Amayi sanandikhudze. Anapitiriza kuwongola tsamba limene linali m'manja mwawo, kuliwongola ndi kuliwongolanso, ngakhale linali lowongoka kale.

"Ukuyesa ine sindikuona? Ndinamubereka ndine. Koma ndikayamba kulira sindidzasiya, nanga phala lake adzaphika ndani?"

Mkwiyo wonse unandithera, n'kutsala chisoni chokhachokha, chifukwa ndinazindikira kuti nawonso analibe womuuza. Ndinakhala pansi n'kuyamba kuwathandiza kusankha fodya, ndipo tinagwira ntchito mpaka dzuwa kupendeka.

M'mawa mwake, nditabwera kuchokera kumjigo, ndinapeza amayi ali m'chipinda cha achimwene. Pa mphasa panali kanthu kokulungidwa m'chitenje chakale. Anakamasula, ndipo kabokosi kaja kanatuluka kakununkha fodya, chifukwa anali atakasomeka kudenga la chigafa.

"Tseka chitseko, Esinati. Lumikiza zinthu zakezi."

Tinawadzutsa achimwene n'kuwatsamiritsa pa mtsamiro. Gitala inkaoneka ngati yawakulira. Zala zawo sizinkathanso kukanikiza zingwe zambiri nthawi imodzi, ndiye anasankha chingwe chimodzi n'kuchikhudza ndi chala chachikulu. Mawu anatuluka ochepa, ofooka, n'kuzimirira nthawi yomweyo. Anayesanso, zomwezo. Kenaka anagwedeza mutu monga mwa masiku onse. Ndinasuntha phazi, koma amayi anandigwira bondo. Anaika phazi lawo lomwe, long'aluka zidendene lija, n'kuponda.

Kanyali kanayaka. Achimwene anakhudza chingwe chomwe chija ndi mphamvu zochepa zomwe zija, koma ulendo uno mawu sanafe. Anakula, nasasa, nadzaza chipinda chonse, napitirirabe. Mkati mwa mawu amenewo ndinamva ena, ndipo nditacheuka ndinaona kuti ndi amayi. Ankalira pakamwa pali yasa, phazi likadali pa kabokosi, misozi ikugwera pa chitenje. Inenso ndinalira, ndipo panalibe wondipotokola khutu.

Mawu a gitala atatha, achimwene anati, "Amayi, ine ndikupita."

"Ndikudziwa, mwana wanga. Ndakhala ndikudziwa chitsikire pa matola paja."

Kunja munthu anagogoda. Anali mayi wina woyandikana nafe, wafikanso mothamanga. Amayi anapukuta kumaso, natsegula chitseko pang'ono.

"Kulibe maliro kuno, pitani. Ndikucheza ndi mwana wanga."

Anachezadi tsiku lonse, fodya anagonera kuchigafa osasankhidwa. Achimwene ananena za mantha awo, za mtsikana wina wa kutauni amene ankafuna kumukwatira, ndi zoti adzawaike pafupi ndi bambo. Anapepesa chifukwa chokhala zaka osabwera kudzawaona. Amayi nawo anawauza nkhani za ukhanda wawo zimene ine ndinali ndisanazimvepo, mpaka penapake onse awiri anaseka. Madzulo amenewo achimwene anamaliza phala lonse, ndipo anagona choyang'ana kwa ife.

Sanachire. Anamwalira fodya wa chaka chimenecho asanapite ku okushoni. Gitala ndi ampu anadzatenga mnzawo wa m'bandi monga iwo ananenera, koma kabokosi amayi anakaniza. Anakasunga m'sutikesi yawo pamodzi ndi zovala za kumpingo mpaka nawonso anatisiya, ndipo lero kali kwa ine. Kuimba gitala sindidziwa, ndipo kanyali kaja sikanayakenso.

Tsopano ndine mayi wa ana akuluakulu, ndipo ndimayenda ndi anzanga a kumpingo kukazonda odwala. Mawu aja akuti "muchira" amabwerabe okha pakamwa, ndipo nthawi zambiri masiku ano amakhala oona, tithokoze Mulungu. Sindiwanyoza, chifukwa amayi ankawanena ndi chikondi chawo chonse. Koma ndinaphunzira kuti pali wodwala wina amene mawu oyerawo amamutsekera pakamwa, n'kumusiya yekha ndi chimene akuchidziwa. Ndiye anzanga akatsanzika, ine ndimatsalira pang'ono, ndimakhala pansi pafupi ndi mphasa, n'kufunsa kuti, "Kodi inuyo mukuona bwanji?" Ndikatero ndimatseka pakamwa pangapa, pamene sipankachedwa paja, n'kudikira kuti agwedeze mutu.