Tambala wa Pansi pa Dengu

Ndikukumbukira chaka chimene tinasamuka ku Lisasadzi kupita ku Kasungu boma, ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi. Bambo anali atapeza ntchito yosankha fodya, ndipo katundu wathu yense anakwana pa kalole kamodzi. Ine ndinakhala pamwamba pa matiresi nditafungatira kankhuku kofiira kamene azakhali anandipatsa potsanzikana. Anati ndi msoti, udzandiikira mazira. Ndinautcha Nabanda, ndipo dzinalo linamukanirira mpaka mapeto.

Tinapeza nyumba ya khonsolo, ya m'mizere, ndipo pageti panali chikwangwani choletsa ziweto. Kapitawo woyang'anira nyumbazo anauza bambo tsiku loyamba lomwelo kuti wopezeka ndi mbuzi kapena nkhuku amalandidwa nyumba. Bambo anayang'ana Nabanda, n'kuyang'ana ine, kenako anati, "Msoti suchita phokoso. Uzikhala kuseri, munthu asauone."

Miyezi imeneyo imandibwerera ngati maloto. Ndikaweruka kusukulu ndinkakhala naye kuseri kwa bafa, pamene dzuwa linkalowera m'mipata ya mpanda wa udzu. Mphepo inkabweretsa fungo la fodya wouma kuchokera m'malole opita ku okushoni. Ndinkamudyetsa madeya m'manja uku ndikumutchulira mayina a anzanga amene ndinawasiya kumudzi, iye n'kumatsinzina diso limodzi ngati akuwakumbukira. M'tauni monsemo ndi iye yekha amene ankadziwa kumene ndinachokera, ndipo ndinkamukonda kwambiri.

Tsiku lina m'bandakucha tinamva kulira kosasa mawu kuseri kwa nyumba. Amayi anaseka mpaka kugwira chitseko.

"Msoti wa azakhali ako uja ndi mwamuna," anatero.

Bambo sanaseke. Anati nyumba siingapite chifukwa cha nkhuku, ndipo akangolira kachiwiri ndiye kuti waitana mpeni.

Tsiku limenelo chakudya sichinalowe. Koma ndinali mwana wochenjera, kuchenjera kwake kopweteka. Ndinali nditaona kumudzi kuti tambala asanalire amayamba watambasula khosi. Choncho madzulo aliwonse ndinkamuvundikira ndi dengu lalifupi, n'kusanjikapo njerwa. Kukamacha ankayesa kudzuka, mutu n'kugunda dengu, n'kungotulutsa kamawu ka kukhosi kamene sikankadutsa mpanda. Kapitawo ankadutsa pa njinga yake osamva kanthu. Ine ndinkayenda modzitama kuti ndapulumutsa moyo wa mnzanga ndi nyumba yomwe.

Patapita milungu ingapo, amayi anandipeza ndikuvundukula dengu lija. Nabanda anatuluka mowerama, nthenga za pamutu zitathothoka.

"Kodi iwe, ukumuweta kapena wamumanga?" anandifunsa.

"Ndimamukonda, amayi."

"Ndikudziwa. N'chifukwa chake ndikufunsa."

Loweruka lake bambo anandikweza pa njinga, Nabanda ali m'katoni yoboolaboola, ulendo wa ku Lisasadzi kukamubweza kwa azakhali. Tinadutsa minda ya fodya yokololedwa kale, dziko lili see mpaka kumene maso amalekezera. Ndinalira njira yonse, komabe mumtima ndinkamuona kale ataima pamwamba pa chigafa cha fodya cha azakhali, akudzutsa mudzi wonse.

Ndinagona komweko kuti ndimve ndi makutu anga. M'mamawa atambala anayamba kulandizana, wa pafupi, wa kutsidya kwa dambo, mpaka wina wakutali amene ankamveka ngati akulirira m'mitambo. Ndinadikira mawu osasa aja, koma sanabwere. Ndinathamangira kukhola. Nabanda anali pakona atapinda khosi, mutu uli pansi, akuopa kugunda dengu limene panalibe. Azakhali anamusunga zaka ziwiri, ndipo sanalirepo ngakhale kamodzi.

Kwa nthawi yaitali ndinkaimba mlandu khonsolo ndi malamulo ake. Lero ndine mayi wa ana atatu, ndipo ndikudziwa kuti khonsolo inkangofuna kuti Nabanda achoke. Amene anamuphunzitsa kuwerama ndine, ndi manja omwewo amene ankamudyetsa. Mwana wanga wamkazi atapempha kuti akaphunzire ku Lilongwe, ndinali ndi zifukwa zambiri zomukaniza, zonse zachikondi. Ndinazimeza, n'kupita kumsika kukamugulira sutikesi.