Kabokosi Kopondapo Mapazi

Akalipentala a pasukulupo masamu anawakanika kalekale, ndipo sabisa. Koma chaka chilichonse aphunzitsi akasankha ana a mitu yakuthwa kuti azikaphunzira masamu m'kalasi ya akuluakulu, akalipentalawo amasuzumira pawindo n'kuyang'ana kunsi kwa madesiki. Kumeneko timiyendo timangolendewera, osafika pansi.

Chaka chino anakhoma kabokosi ka matabwa otsala, n'kukakaika pansi pa mapazi a kamtsikana kena kamene kankangodandaula msana.

"Bambo, mwana ameneyu nzeru zake ndi za munthu wamkulu," anatero aphunzitsi monyadira.

Akalipentala anasasa utuchi m'manja. "Mutuwo uthamangitseni, aphunzitsi, ndi ntchito yanu. Koma miyendoyi ikadali ya mwana."